Mwandida Anafuna Agulugufe, Anakana Mbozi

Kalekale, mitengo isanayambe kuopa nkhwangwa, panali mayi wina amene anali ndi ana aakazi awiri. Wamkulu dzina lake Mwandida. Wamng'ono dzina lake Tionenji. Analibe mlongo, analibe malume. Padziko lonse anali awiri okha basi.

Khala pansi, Lufeyo, ndikunena ndi iwe. Chikwanjecho tsamiritsa pamtengo, sichithawa. Ndevu wamera, inde, koma kwa ine azakhali ako ukadali mwana wa dzana. Vomera kuti tili tonse.

Eya, choncho.

Mayi uja anali ndi minda iwiri. Wina unali kumtunda, waukulu, woyera, wopanda ndi chitsa chomwe. Wina unali kumunsi, waung'ono. Pakati pa minda iwiriyo panali tchire. Silinali lalikulu ayi. Munali misuku, munali mipoza, munali mombo, munali zitsamba zoyanga. Munalinso mtengo wina wamphako mmene munkakhala njuchi.

Tsiku lina mayi uja anadwala. Anaitana ana ake.

"Ine ndikupita," anatero. "Minda mugawane. Koma tchire lija musaliyambe. Muli alendo anga."

"Alendo ati, amayi?" anafunsa Mwandida. "M'tchire mumakhala munthu?"

"Muli agulugufe, muli njuchi, muli mbozi. Malamulo ndi awiri okha. Moto usalowemo. Ndipo mukamatola matondo a ndiwo, mbozi imene yatsika yokha mumtengo musaitole. Imeneyo ikupita kukagona. Idzadzuka ili ndi mapiko."

Tionenji anasunga mawu. Mwandida anangoti mumtima, "Matenda awazunguza mutu amayiwa."

Mayi uja anamwalira. Analira, anaika, anameta.

Itakwana nthawi yogawana, Mwandida anati, "Wamkulu ndine, woyamba kusankha ndine. Wakumtunda ndi wanga. Iwe tenga kakumunsiko, pamodzi ndi tchire lako la njoka."

"Zikomo, akulu," anatero Tionenji.

Mvula inagwa, analima. Mvula inagwanso, analimanso.

Munda wa Tionenji unali waung'ono, koma maungu ake ankachita kugundana. Nyemba zinkalemera mpaka kugwetsa mapesi. Nyengo ya matondo ankatola a m'nthambi, otsika okha nkumawapatsa njira. Nyengo ya uchi ankafula pang'ono, wambiri nkusiyira eni ake. Ndipo chilichonse chimene wapeza, mbale yoyamba inkapita kwa akulu ake.

Koma chimene chinabweretsa nkhani si maungu. Anali agulugufe.

Agulugufe a m'tchire muja anamuzolowera Tionenji. Akamapita kuchitsime, iwo pambuyo. Oyera, achikasu, amawangamawanga. Ena kutera pamtsuko, ena paphewa, ena pamutu penipeni.

Amayi a kuchitsime ankasiya kutunga.

"Taonani Tionenji!" ankatero. "Ngakhale agulugufe akumudziwa. Mwana wodala ameneyu!"

Kenako nkutulukira Mwandida. Iye chomutsatira chinali ntchentche imodzi.

Usaganize kuti Mwandida ankagona ndi njala. Ayi ndithu! Njuchi sizidziwa malire. Agulugufe sadziwa kuti munda uwu ndi wa yani. Ankatuluka m'tchire muja, ena kumunsi, ena kumtunda. Maungu a Mwandida anali ochuluka kuposa a mng'ono wake, mpaka ena ankaolera pakhonde. Koma nsanje, mwana wanga, ili ndi khosi lopindika. Siyang'ana m'mbale mwake, imayang'ana mwa mnzake.

Mwandida anayamba kuwonda. Akadya dzungu, linkamuwawa. Akanyambita uchi wa mng'ono wake, unkamutsamwa. Mawu aja ankangomulira m'makutu. Taonani Tionenji. Taonani Tionenji.

"Nanga ine?" ankatero. "Wamkulu si ine? Munda waukulu si wanga? Adzanena liti kuti taonani Mwandida?"

Tsiku lina anatenga uchi uja anapatsidwa, nkuupaka pampango wa kumutu. Anati, "Tiziromboti timatsata zotsekemera. Lero tiona." Anasenza mtsuko, ulendo wa kuchitsime, akuyenda monyang'wa.

Anabwera alendo, inde. Zinabwera ntchentche za mudzi wonse. Zinabwera nyerere, kukwera m'miyendo, kulowa m'makutu. Mwandida anaponya mtsuko, nayamba kuvina gule wopanda ng'oma. Amayi a kuchitsime anaseka mpaka kugwira nthiti.

Tionenji yekha sanaseke. Anathamanga, namuchotsa nyerere imodziimodzi. Ndipo chimenecho ndicho chinamupweteka Mwandida koposa kuseka kuja.

Tsiku lina Mwandida anatenga dengu ndi lichero. Analowa m'tchire muja mng'ono wake ali kumtondo. Anagwira agulugufe, gwi, gwi, gwi, nkuvundikira. Anapita nawo pakati pa munda wake.

"Kuyambira lero kwanu ndi kuno," anatero, navundukula.

Agulugufe anati balala, onse kubwerera kutchire. Anatsala mmodzi, wamkulu, wa mapiko akuda a madontho achikasu. Anatera pamlomo wa dengu.

"Mayi," anatero gulugufe uja, "munda wanu ndi wokongola. Koma sitingakhalemo."

"Chifukwa chiyani? Maluwa si awa?"

"Maluwa ndi chakudya cha ife akuluakulu. Nanga ana athu adya chiyani? Dzuwa likaswa mtengo tibisala pati? Mphepo ikawomba tigwira chiyani? Pano payera ngati pabwalo."

"Ndiye ndichite chiyani kuti mukhale anga?"

"Siyani kangodya kamodzi osalima. Pamere zomera zokha. Tidzabwera."

Mwandida anasiya kangodya. Zinamuwawa, chifukwa iye udzu ankadana nawo ngati mfiti. Koma anapirira. Panamera chisoso, panamera bonongwe, panaphuka ndi kampoza kakang'ono.

Ndipo agulugufe anabwera. Anabwera atatu, anabwera khumi. Anatera pamasamba, nasiya timazira tating'ono ngati mapira.

Mwandida anathamangira kuchitsime.

"Amayi inu," anatero, "mubwere kumunda kwanga pakatha masiku asanu. Mudzaone ngati agulugufe amadziwa munthu mmodzi yekha."

Tsiku lija litakwana, analawirira kukasesa njira. Atafika pakangodya paja, anaima chilili.

Mbozi!

Mbozi zobiriwira, mbozi zaubweya, mbozi zaminyanga. Zili pwirikiti pamasamba, zikudya, zikudya. Kampoza kaja kanali mabowo okhaokha.

"Mayo ine!" anakuwa Mwandida. "Anthu akubwera, adzaone zonyansazi?"

Anagwedeza zitsamba, mbozi zinagwa. Anatembenuza khasu, nayamba kuzitswanya. Tswa! Tswa! Tswa! Sanasiye ndi imodzi yomwe.

Gulugufe wamkulu uja anafika, nazungulira kamodzi, nazungulira kawiri.

"Mayi, mwapha ana athu."

"Ana anu ati? Ine ndapha mbozi."

"Mbozizo ndiwo ana athu."

Mwandida anaseka chikhakhali. "Iwe usandipusitse. Mwana wa mbuzi amafanana ndi mbuzi. Mwana wa nkhuku amafanana ndi nkhuku. Iwe wokongola chonchi ungabereke chinthu chokwawa? Ine ndinaitana agulugufe, sindinaitane mbozi."

"Amayi anu anakuuzani," anatero gulugufe. "Walira mvula walira matope."

Anauluka, osacheuka.

Amayi aja atafika anapeza Mwandida ali ndi khasu lonona ndi mbozi, gulugufe panalibe ndi mmodzi yemwe. Sanaseke ulendo uno. Anangoyang'anana, nkubwerera. Ali m'njira anakumana ndi Tionenji akuchokera kotola nkhuni, agulugufe ali yakaliyakali pamtolo pake. Ndipo Mwandida anamva ndi makutu ake, mawu akuchokera kuseri kwa tchire.

"Taonani Tionenji!"

Pamenepo mtima wa Mwandida unada bii. Anasiya kunena kuti, "Nanenso ndikhale nawo." Anayamba kunena kuti, "Nayenso asakhale nawo."

Ukumva, Lufeyo? Pamenepo ndi pamene nsanje imatha msinkhu. Ikadali yaing'ono imati ndipatseniko. Ikakula imati mulandeni.

Mwandida anadikira. Anakolola, anadikira. Kunazizira, anadikira. Chinafika chilimwe, udzu unauma gwa, masamba ankangoti tsekeretseke. Imeneyo ndiyo nthawi imene alendo a m'tchire amakhala ali mtulo. Ena m'nthaka pansi pa masamba ouma, ena atadzikulunga nkulendewera kunthambi, kudikira mvula.

Tsiku lina Tionenji anapita kumaliro kutsidya la mtsinje. Dzuwa lili paliwombo, Mwandida anatenga chikuni chamoto. Anakumana ndi mayi wina panjira.

"Moto masana ano, mukupita nawo kuti, a Mwandida?"

"Kosaka mbewa. Ndiwo zavuta."

Anafika patchire paja. Anayang'ana uku, anayang'ana uku. Anayatsa kumene kumachokera mphepo.

Moto unati lawilawi. Unadya udzu. Unadya zitsamba. Unakwera m'misuku, unakwera m'mipoza. Unalowa m'mphako muja, uchi nkumatsika ndi thunthu ngati misozi. Njuchi zinatuluka, utsi nkuzigwetsa. Zogona m'nthaka zinapsera momwemo. Zolendewera kunthambi zinapsera momwemo.

Agulugufe otsala anakwera m'mwamba, akuzungulira utsi, akuimba:

Titera pati, titera pati?
Tsamba lapsa, mwana wapsa,
titera pati?

Mwandida anaimva nyimboyo. Anatseka makutu.

Dzuwa lisanapendeke, tchire lonse linali phulusa. Zimene mayi uja anasunga moyo wake wonse zinatha nthawi yochepa kuposa yophika nyemba.

Tionenji anabwera m'mawa mwake. Anaima pamalo paja. Sanakuwe, sanadzigwetse pansi. Anangoyenda m'phulusa muja, akutola tizikopa topsa ta mbozi, akutiyang'ana, akutibwezera pansi.

Mwandida anabwera akupukusa mutu. "Pepa, mng'ono wanga. Ndimasaka mbewa, moto unandipulumuka. Komabe taona mmene payerera. Chaka chino munda wako ukula. Ndakuthandiza."

Tionenji anamuyang'ana.

"Akulu, mbewazo zili kuti?"

Mwandida anabisa manja kumbuyo.

"Wosaka mbewa amabwera ndi mbewa," anatero Tionenji. "Ngakhale imodzi."

Anatembenuka. Anapita kunyumba kwake.

Kuyambira tsiku limenelo Tionenji ankapita kuchitsime yekhayekha, mtsuko uli mbee. Amayi aja anasiya kumutchula. Mwandida anayamba kudya bwino. Masaya anabwerera. Ankayenda akuimba.

Mvula inagwa. Anadzala. Maungu anamera, anayanga, anachita maluwa. Minda yonse iwiri inali chikasu chokhachokha.

Koma m'minda munali zii. Munalibe kulira kwa njuchi. Munalibe phiko.

M'mawa uliwonse Mwandida ankadzuka, nkuyamba wapita kumalire kukasuzumira munda wa mng'ono wake. Wake ayi, wa mng'ono wake. Anaona maluwa akufota. Anaona timaungu tikuchita chikasu tikadali ngati dzira la njiwa, nkumathothoka. Tsiku lina anawerenga munda wonse wa Tionenji. Dzungu panalibe ndi limodzi lomwe.

Mwandida anavina pamalire pomwepo. Anavina mpaka thukuta.

"Mwana wodala uja ali kuti? Taonani Tionenji! Taonanitu!"

Atatopa anati, "Ndikathyole dzungu langa, ndikadyere pakhonde, aone."

Analowa m'munda mwake. Anavundukula tsamba. Palibe. Anavundukula lina. Palibe. Anathamanga mzere uwu, anathamanga mzere uwo. Maluwa ofota, timaungu tothothoka. Munda waukulu uja, kuyambira kumtunda mpaka kumalire, unali masamba okhaokha.

Anapita kunyemba. Nsabwe zinali bii kunsonga. Kale mavu ndi tizirombo tina ta m'tchire muja tinkazidya. Tsopano wozidya panalibe.

Mwandida anakhala pansi pamzere. Chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe. Koma kwa iye sichinadikire ndi mawa lomwe.

Iwe ukudziwa, Lufeyo, kuti miyezi ya mvula, nkhokwe zikapepuka, chimanga chisanache, chimene chimaolotsa anthu ndi dzungu. Chaka chimenecho dzungu kunalibe. Matondo kunalibe. Uchi kunalibe. Ndipo si kwa awiri okhawa. Minda yonse yoyandikana ndi tchire lija inalira chimodzimodzi. Ana ankagona ndi nkhwani wopanda kanthu. Amayi a kuchitsime anayamba kunena dzina la Mwandida, monga muja ankafunira. Koma ankalinena motsitsa mawu, nkumalavula.

Njala itamupana, Mwandida anapita pamalo pa tchire paja. Anapeza Tionenji ataima, mtolo uli pamutu, khasu lili paphewa. Pamtolopo panali gulugufe wamkulu uja. Phiko limodzi linali lopserera.

Mwandida anagwada. Kugwadira gulugufe, munthu wamkulu ndi mano ake!

"Ndalakwa," anatero. "Sizinali mbewa. Ndinayatsa dala. Itanani anzanu abwerere."

"Ndiitane ndani?" anatero gulugufe. "Amene akanauluka chaka chino anapsa ali mtulo. Otsala tikupita kuseri kwa phiri, kumene kukadali masamba."

"Nanga maungu anga alakwa chiyani? Bwanji sakubala?"

"Munkayesa ankabala okha? Taonani duwa ili, lili ndi kadzungu kunsi. Ili ndi lalikazi. Taonani ili, lilibe. Ili ndi lalimuna. M'kati mwake muli ufa wachikasu. Ufawo ukapanda kufika m'duwa lalikazi, kadzungu kamafa. Njuchi zinkaunyamula. Ife tinkathandiza. Sitinakulipiritseni tsiku ndi limodzi lomwe."

"Ndiye tsopano anyamula ndani?"

"Inu."

"Ine?"

"Inu. Tengani nthenga ya nkhuku. Duwa limodzilimodzi. Muzilawirira, chifukwa dzuwa likakwera maluwa amatseka."

Mwandida anatembenuka, nayang'ana munda wake waukulu uja, umene anasankha yekha. Kwa nthawi yoyamba anaona kuti ndi waukuludi.

Pamenepo Tionenji analankhula.

"Akulu, munda wanga uja tengani. Nyumba tengani. Malo a tchire tengani. Munkafuna zanga. Ndi izo, zonse."

"Iwe ukupita kuti?"

"Kumene akupita alendo a amayi."

"Usandisiye, Tionenji. Ndilibe wina."

"Inenso ndinalibe wina, akulu."

"Udzabwera liti?"

"Iwo akadzabwera."

Ananyamuka. Gulugufe patsogolo, akuuluka mopendama, Tionenji pambuyo. Anakwera phiri, anatsikira kuseri.

Mwandida anatsala ndi minda iwiri ndi nthenga imodzi.

Tambala akalira, iye ali m'munda. Kuwerama, kutapa ufa, kupaka. Kuwerama, kutapa, kupaka. Dzuwa likakwera, maluwa nkutseka, iye asanafike ndi pakati pomwe. Ntchito imene tizirombo tinkaigwira tikusewera, munthu wa manja awiri inamukanika. Ankapeza maungu khumi pamene kale ankapeza mulu. Ana a m'mudzi anamupatsa dzina. Ankati, "Uyo gulugufe wopanda mapiko."

Koma mawu aja anawasunga. Iwo akadzabwera.

Tsiku lina anapita kuphiri, nazula timbande ta misuku ndi mipoza. Anatidzala m'phulusa muja. Mbuzi zinadya. Anadzalanso, natchinga ndi minga. Chilimwe chinapha theka. Anadzalanso, nkumasenza madzi pamutu kuthirira tchire. Anthu ankati wapenga. Mayi amene ankadana ndi udzu ngati mfiti tsopano ankakalipira aliyense wopondapo chisoso.

Anyamata akabwera ndi moto wosakira mbewa, ankawathamangitsa ndi mpini.

Chaka chinatha. Zaka zisanu zinatha. Moto ndi wa tsiku limodzi, mwana wanga, koma mtengo ndi wa zaka. Ndipo ngakhale mitengo itakula, alendo sanabwere msanga. Pakati pa phiri ndi mudzi anthu anali atadula, atalima, atayeretsa ponseponse. Gulugufe sauluka ulendo wautali wopanda popumira. Mwandida anayenda khomo ndi khomo, akupempha.

"Siyaniko kangodya. Kangodya kamodzi kokha. Apeze potera."

Ena anamutukwana. Ena anakumbukira njala ija, nasiya.

Zaka khumi zinatha. Zaka makumi awiri zinatha. Msana wa Mwandida unapindika chifukwa cha kuwerama. Tsitsi linayera. M'mawa kumaluwa, masana kutchire, madzulo maso kunjira ya kuphiri.

Zoyamba kubwera zinali njuchi. Kenako mavu. Ndipo tsiku lina, mvula yoyamba itagwa, Mwandida anapeza tsamba la mpoza lili ndi mabowo.

Anagwada. Anatembenuza tsambalo. Kunsi kwake kunali mbozi. Yobiriwira, yonenepa, yonyansa ngati zija anatswanya.

Mwandida analira. Anailankhula ngati mwana wobadwa kumene.

"Idya, mwana wanga. Idya. Tsamba ndi lako."

Nkhuku ikayandikira, iye ndi mwala. Mbalame ikatera, iye ndi mfuu. Mbozi ija itatsika yokha mumtengo, Mwandida anaipatsa njira.

Sipanapite nthawi, m'mawa wina anamva nyimbo ikuchokera kuphiri:

Titera pano, titera pano,
tsamba laphuka, mwana wadya,
titera pano.

Anali agulugufe. Oyera, achikasu, amawangamawanga, ambirimbiri. Mwandida anataya nthenga. Anathamanga ndi msana wake wopindikawo mpaka pamphambano. Sanayang'ane agulugufe. Anayang'ana kumbuyo kwawo, kunjira.

Kunjira kunalibe munthu.

Gulugufe wina wamkulu, wakuda, wa madontho achikasu, anatera padzanja pake.

"Ndinu a Mwandida?"

"Ndine. Tionenji ali kuti? Watsalira m'mbuyo? Miyendo yamuvuta? Ndikamuchingamire?"

"Ine ndine mdzukulu wa adzukulu a wopserera phiko uja," anatero gulugufe. "A Tionenji tinawaika chaka chatha, masuku akupsa. Chaka ndi chaka ankatifunsa kuti, 'Kwathu kwamera?' Ife nkumati, 'Sikunamere.' Mtolo wawo unali womangamanga kuseri kwa chitseko."

Gulugufe uja anapitiriza.

"Anatisiyira mawu. Anati, 'Mukadzafika, mukatere pa akulu anga. Pamutu, pamapewa, paliponse. Mukawaperekeze kuchitsime, anthu akawaone. Ankazifuna kwambiri.'"

Ndipo agulugufe anatera. Pamutu, pamapewa, pamsana wopindika uja. Mwandida anayenda nawo mpaka kuchitsime, osadziwa ndi kumene akupita. Amayi a kuchitsime, ana a amayi aja, anasiya kutunga.

"Taonani a Mwandida!" anatero. "Taonani a Mwandida!"

Mawu amene anawotchera tchire. Mawu amene anathamangitsira m'bale wake mmodzi yekhayo. Anawamva tsopano, onse, mokweza. Anakhala pansi m'matope a pachitsime, nalira ngati mwana. Chimene ankafuna anachipeza. Woti amuonetse panalibe.

Ndiye ukaona gulugufe akutera apa, nkunyamuka, nkuteranso apo, osakhazikika, usamati ndi wopusa. Akufunsa ngati pamalopo pali tsamba la mwana wake. Akapanda kulipeza amapita. Ndipo sapita yekha. Amapita ndi njuchi, amapita ndi dzungu, nthawi zina amapita ndi m'bale wako.

Tsopano iwe, Lufeyo. Ine maso akuchita chifunga, koma makutu ndi akuthwa. Ndamva kuti mpanda wa zitsamba uli pamalire ako ndi mng'ono wakowo wayamba kukusowetsa tulo. Akuti umabisa njoka. Njoka zake ziti? Zaka zonsezi zinakuluma kangati? Nena zoona, chakupweteka ndi ming'oma yake ya njuchi ija, ndi anthu amene amaima panjira nkumayamikira maungu ake. Nanga maungu ako ali pakhondewo ukuyesa anakwatitsa ndani? Iwe?

Usandiyang'ane choncho. Ndamva machesi akuchita phokoso m'thumba mwako pamene umakhala pansi. Bweretsa kuno. Chikwanjecho kabwezere kudenga. Ndipo madzulo upite ukamupatse moni mng'ono wako, akadali poti ungamupeze ndi miyendo.

Ukakana, nkhuku zanga ndi izo. Thothola nthenga, uyambiretu kuphunzira.

Nthano yanga yapinda mapiko, yathera pomwepo.